Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha: mphamvu ili m'chiuno, m'bondo ndi m'kakolo

FINGOÈ, Marávia. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, midzi ya kuno imasintha. Masana a Loweruka anyamata amadzaza bwalo la sukulu ndi mpira, kaya wachikopa kaya wachikulunga. Atsikana amajambula phada pansi pa mtengo wa mango, ena ali pa jingo ndi chingwe cha luzi. Dzuwa likapendeka mbalule imayamba kuitana, ndipo pabwalo la mfumu fumbi limakwera mpaka m'nthambi za mitengo. Onsewa, wamng'ono ndi wamkulu yemwe, akuchita chinthu chimodzi: akudumpha.

Koma nyengo yomweyi ndi imene mawondo ambiri amaonongeka. Mnyamata akavulala bondo mwezi wa Okutobala, mvula yoyamba imampeza ali pamphasa. Khasu lake limagwidwa ndi mayi ake kapena mkazi wake, munda umachepa, ndipo njala ya mu Febuluwale imayambira pa bwalo la mpira lija. Anthu a chigawo cha Tete safuna kuuzidwa mtengo wa mwendo. Nkhondo idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, koma mabomba okwirira adapitiriza kudula miyendo ya alimi ndi ana, mpaka dziko la Mozambique lidalengeza mu Seputembala 2015 kuti lachotsa onse amene ankadziwika. Miyendo imene idapulumuka, ndi ya ana obadwa pambuyo pake, ndi yofunika kuisunga.

Tsono lero tiyeni tione, awerengi, chimene chimachitika m'mwendo munthu akamadumpha. Kodi n'chifukwa chiyani anyamata awiri ofanana msinkhu ndi thupi sadumpha mofanana? Nanga n'chifukwa chiyani wina amatera bwinobwino, pamene mnzake amatera n'kulira?

MFUNDO ZITATU

Mwendo uli ndi mfundo zikuluzikulu zitatu, ndiko kunena malo amene mafupa amakumana n'kumapindika. Yoyamba ili m'chiuno, yachiwiri ndi bondo, yachitatu ndi kakolo.

M'chiuno, mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira ndipo umakhala m'kachibowo, monga musi mumtondo. Chifukwa chake mwendo umatha kupita kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Minofu ya matako ndi ya kumbuyo kwa ntchafu ndiyo imaongola mfundo imeneyi, ndipo ili m'gulu la minofu yamphamvu koposa m'thupi lonse.

Bondo lili ngati chitseko: limakonda kutseguka ndi kutsekeka njira imodzi. Limaongoledwa ndi minofu inayi ya kutsogolo kwa ntchafu, imene imakumana pa kafupa kobulungira ka pabondo n'kukamangirira pamsongolo. Chitseko mukachikankhira njira yake chimakhala zaka. Mukachipotokola m'mbali chimaguluka. Bondo nalonso ndi chimodzimodzi.

Kakolo amaongoledwa ndi katumba. Katumba amathera mu nsinga yokhuthala imene mungaigwire ndi zala kumbuyo kwa chidendene. Aliyense amene adasendapo mbuzi adaiona: yoyera, yolimba, yovuta kudula ndi mpeni wobuntha. Ya munthu ndiyo nsinga yaikulu ndi yolimba kuposa zonse m'thupi, ndipo madokotala amaitcha nsinga ya Achilles. Ikakokedwa imatamuka pang'ono, ikamasulidwa imabwerera msanga, monga mphira ya legeni.

Kudumpha ndiko kuongola mfundo zitatuzi mofulumira, kuti mapazi akankhe nthaka mwamphamvu kuposa kulemera kwa thupi. Munthu wofuna kukwera masentimita 40 m'mwamba ayenera kuchoka pansi ndi liwiro la mamita 2.8 pa sekondi, lomwe ndi makilomita pafupifupi 10 pa ola. Liwiro lonseli ayenera kulipeza pa nthawi yosakwana theka la sekondi. Mapazi akangosiya nthaka, palibenso chimene angaonjeze. Kutalika kwa dumpho kwatsimikizika kale.

CHIUNO CHIYAMBE, KAKOLO ATSIRIZE

Mphamvu yokha siikwanira. Akatswiri awiri a ku Amsterdam, m'dziko la Holland, a Maarten Bobbert ndi a Gerrit Jan van Ingen Schenau, adajambula anthu odziwa kudumpha n'kuyeza mfundo iliyonse payokha. Mu 1988 adalengeza zimene adapeza: mfundo zitatu zija siziongoka nthawi imodzi. Chiuno chimayamba, bondo limatsatira, kakolo amatsiriza. Kusiyana kwake n'kwa kamphindi kochepa kwambiri, koti diso silingakaone, koma ndiko kumalekanitsa katswiri ndi wophunzira.

Amayi atatu osinja mumtondo umodzi amadziwa bwino lamulo limeneli. Misi itatu ikatsika pamodzi imagundana ndipo mphale imatayika. Ikatsika motsatana, wina akukweza wina akutsitsa, ntchito imatha msanga.

Chifukwa chake m'mwendo n'chotere. Chiuno chimanyamula mbali yolemera ya thupi, kuyambira mimba mpaka mutu, ndiye chimafuna nthawi yambiri ndipo chiyenera kulawirira. Kakolo ndi wopepuka ndi wachangu. Iye akayamba msanga, chidendene chimanyamuka ntchafu zisanathe ntchito yawo, ndipo munthu amachoka pansi mphamvu yambiri ikadali m'minofu.

Palinso minofu ina imene imadutsa mfundo ziwiri. Umodzi umachokera m'chiuno, kudutsa kutsogolo kwa ntchafu, mpaka kunsi kwa bondo. Wina ndi mbali ya katumba imene imayambira pamwamba pa bondo n'kukathera kuchidendene. Minofu imeneyi imagwira ntchito ngati chingwe cha ngolo: bondo likamaongoka limakoka katumba, katumba amakoka chidendene, ndipo mphamvu yobadwira m'matako ndi m'ntchafu imatsika mpaka kuzala za kuphazi. Ndiye amene amati wodumpha bwino ali ndi akatumba akuluakulu amanena mbali imodzi chabe. Gawo lina la mphamvu imene imatulukira pakakolo limachokera kumtunda.

KUTSIKA KAYE, KENAKA KUKWERA

Uzani mwana aliyense kuti akhudze nthambi ya mtengo. Asanadumphe amayamba wanyonyomala pang'ono, kenaka n'kudzuka nthawi yomweyo. Palibe adamphunzitsa, koma akuchita zoona.

Mu 1996 a Bobbert ndi anzawo adayerekeza madumpho awiri. Koyamba wosewera ankatsika n'kukwera mosaima. Kachiwiri ankanyonyomala, n'kudikira ali pomwepo, kenaka n'kudumpha. Dumpho losaima lidaposa linzake ndi masentimita opitirira pang'ono 3. Iwo adapeza kuti chifukwa chachikulu n'chakuti minofu siigwira mphamvu yake yonse nthawi imodzi. Imafuna kanthawi kuti ikungike. Wotsika mofulumira amaikunga pamene akudziimitsa pansi paja, ndiye pokwera imakhala itakonzeka kale. Nsinga nazo zimathandizako, pobweza mphamvu imene zidasunga potamuka.

Tsokonombwe wa m'mwambi uja, pamodzi ndi abale ake dzombe ndi ziwala, amachita zoposa pamenepa. Amapinda miyendo yakumbuyo, minofu imakoka pang'onopang'ono n'kupinda kachikamba kolimba ka pabondo monga uta, kenaka amamasula kamodzi. Munthu alibe uta wotere pabondo, n'chifukwa chake amadalira kwambiri kutsatana kwa mfundo.

Kodi munthu atsike mpaka pati? Wotsika pang'ono kwambiri sapatsa minofu mtunda wokankhira. Wotsika mpaka matako kukhudza zidendene amachedwa, ndipo ngati ntchafu zake n'zofooka amalephera kudzuka mwachangu. Ambiri amadumpha bwino ntchafu zikatsika pafupifupi theka la njira. Pa mpira nthawi imachepa, ndiye wolimbirana mpira wam'mwamba amatsika pang'ono n'kudalira changu.

Manja nawo asaiwalidwe. Kuwaponya kumbuyo potsika ndi kuwakweza mwamphamvu pokwera kumaonjezera dumpho ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kawirikawiri kuposa pamenepo. Yesani kudumpha manja ali m'chiuno, kenaka mudumphe ali omasuka. Kusiyana kwake mukuona nokha.

ZIMENE MASO AMAONA PABWALO

Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, ndi wa maiko atatu: Mozambique, Malawi ndi Zambia. Mwezi wa Ogasiti Achewa a mbali zonse zitatu amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Za kudambwe zimatsala kudambwe, ndipo pano sitizikhudza. Tinena zokhazo zimene mayi aliyense woimba m'manja amaona ndi maso ake.

Penyani miyendo ya Kapoli akamapalasa fumbi. Mawondo ake saongoka kotheratu, chiuno chili chopindika pang'ono, ndipo kulemera kwake kuli kutsogolo kwa phazi. Phazi likangogunda pansi lanyamuka kale. Kudumpha kotere, kwafupipafupi ndi kobwerezabwereza, kumadalira kwambiri kakolo ndi nsinga ya kuchidendene, imene imalandira mphamvu potera n'kuibweza ponyamuka. Ndicho chimathandiza kuti mapazi asatsalire m'mbuyo mwa ng'oma.

Kenaka penyani Makanja. Miyendo yake ndi yaitali ndi yosapindika kumunsi. Amaopsa ndi msinkhu, amaponya mwendo kuchokera m'chiuno, koma sanjanja ngati Kapoli. Pamene kakolo sakugwira ntchito, kudumpha kumachepa.

Kakolo wouma amavutitsanso bondo. Munthu akamatsika, msongolo uyenera kuweramira kutsogolo pamwamba pa phazi. Kakolo akakana, chidendene chimanyamuka msanga, kapena bondo limathawira m'kati. Kuuma kotere kumabwera kawirikawiri munthu akabinya kakolo n'kusamuongolanso bwino atachira.

NGOZI ILI POTERA

Anthu ambiri savulala ponyamuka, amavulala potera. Tiyeni tiwerengere pamodzi.

Mnyamata wolemera makilogalamu 60 wadumpha masentimita 40. Akatera miyendo ili chiongokere, thupi lake n'kuima pa mtunda wa masentimita 10 okha, miyendo imalandira katundu wofanana ndi makilogalamu 300, omwe ndi matumba 6 a chimanga. Akatera ndi kutsogolo kwa phazi, n'kupinda kakolo, bondo ndi chiuno mpaka thupi litatsika masentimita 40, katunduyo amatsika kufika pa makilogalamu 120. Dumpho ndi lomwelo, munthu ndi yemweyo. Chasintha ndi kupindika kwa mfundo basi. Wolandira dzira loponyedwa amabweza manja m'mbuyo pa chifukwa chomwechi.

M'kati mwa bondo muli nsinga ziwiri zopingasana zimene zimagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti asaterereke. Yakutsogolo ndiyo imaduka kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri imaduka popanda wina kumgunda munthuyo. Zimachitika potera ndi mwendo umodzi, bondo lili pafupi kuongoka, likugwera m'kati, thupi likutembenuka phazi litakanirira pansi. Wovulalayo amamva kuti "thu" m'bondo, ndipo pakapita maola ochepa bondo limatupa. Nsinga imeneyi ikaduka yonse, kawirikawiri siilumikizana yokha. Opaleshoni yake imafuna dokotala wa mafupa, amene sapezeka pa zipatala zing'onozing'ono za kumudzi. Ena amakhala bwino popanda opaleshoni atalimbitsa ntchafu, koma ena bondo limawagwetsa akamatsika phiri atasenza katundu. Atsikana ndi amayi osewera mpira amaduka nsinga imeneyi kawirikawiri kuposa amuna osewera masewera omwewo, choncho aphunzitsi aziwayang'anitsitsa mateledwe awo.

Mabwalo athu nawo amaonjezera vuto. M'chilimwe nthaka imauma gwa, ndipo muli zitsa, maenje a mbewa ndi mapazi a ng'ombe amene adauma m'matope a dzinja. Kukwirira maenje mpira usanayambe ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma kumapulumutsa akakolo ambiri.

AKATSWIRI ADAFIKA PATI?

Mtanda wa pagolo la mpira uli pa mamita 2.44 kuchokera pansi. A Javier Sotomayor a ku Cuba adadumpha mamita 2.45 mumzinda wa Salamanca, ku Spain, pa 27 Julayi 1993. Golo lomwelo ndi lotambalala mamita 7.32, koma a Mike Powell a ku America adadumpha mtunda wa mamita 8.95 ku Tokyo pa 30 Ogasiti 1991. Onsewa ankayamba athamanga, n'kuponda ndi mwendo umodzi umene umapindika pang'ono pokha, kuti liwiro la kuthamanga lisanduke dumpho.

Nkhani yolimbikitsa kwambiri ndi ya a Ray Ewry, amene adabadwa mu 1873 ku Lafayette, m'dziko la America. Ali mwana adadwala poliyo ndipo kwa kanthawi ankayenda pa njinga ya olumala. Adayamba kulimbitsa miyendo yawo pang'onopang'ono, mpaka adakhala katswiri wodumpha ataima malo amodzi, osathamanga. Pa masewera a Olimpiki a ku Paris mu 1900 adadumpha mamita 1.65 m'mwamba, ndipo ku St. Louis mu 1904 adadumpha mamita 3.47 kutsogolo. Pofika 1908 ku London adali atapata mamendulo 8 a golide pa masewera atatuwa. Mwendo umaphunzira, ngakhale umene udayamba wofooka.

ZIMENE MUNGACHITE PAMUDZI

Kuyeza dumpho sikufuna makina. Njira imene a Dudley Sargent adafalitsa ku America mu 1921 imangofuna khoma ndi khala. Imani chammbali pakhoma, kwezani dzanja, lembani pamene zala zafika. Dumphani n'kulembanso pamwamba. Mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiwo dumpho lanu. Yezani kamodzi pa mwezi.

Kakolo muyezeni motere: ikani chala chachikulu cha kuphazi masentimita pafupifupi 10 kuchokera pakhoma, ndipo yesani kukhudza khoma ndi bondo chidendene chisadanyamuke. Ngati mwendo umodzi ukutha koma unzake ukulephera, wolepherawo muziutambasula tsiku ndi tsiku mwa njira yomweyo, mofatsa.

Mateledwe amaphunzitsidwa anthu ali awiriawiri. Wina adumphe kuchoka pa chitsa chachifupi, mnzake aime kutsogolo n'kumayang'ana. Mawondo aloze kumene zala za kuphazi zaloza, asagundane. Matako apite kumbuyo monga wofuna kukhala pampando. Ndipo kutera kukhale kwachete. Phazi likamveka kuti "phi", mfundo sizidapindike mokwanira.

Onjezani kunyonyomala ndi kudzuka pang'onopang'ono, kuima ndi mwendo umodzi mukuponyerana mpira, ndi kukwera ndi zala n'kutsitsa zidendene mofatsa. Zoterezi zidayesedwa. Ku Norway, atsikana osewera mpira pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17 adagawidwa m'magulu awiri. Gulu lina linkayamba maphunziro ake a mpira ndi mphindi 20 za kuthamanga, kulimbitsa thupi, kuima ndi mwendo umodzi ndi kuphunzira kutera, ndondomeko imene bungwe la FIFA limaitcha 11+. Zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 2008, zidaonetsa kuti kuvulala kudachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Makolo, mwana wa zaka 10 mpaka 15 akamadandaula kuti pamsongolo, kunsi pang'ono kwa bondo, pakupweteka ndipo patuluka kachotupa kolimba, musamunene ulesi. Pamenepo nsinga ikukoka fupa limene likukulabe. Achepetse kudumpha kwa kanthawi. Vutoli limatha lokha akamaliza kukula. Ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika.

MUNTHU AKAVULALA

Wovulala atuluke m'bwalo, ngakhale anzake akumkakamiza kuti atsirize mpira. Agone, mwendo autsamiritse pamalo okwera, ndipo pamalo potupa muikepo nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira. Masiku awiri oyamba musathowe ndi madzi otentha, pakuti kutentha kumaonjezera kutupa. Musakoke mwendo mwamphamvu poganiza kuti mukubwezera fupa. Kutema mphini pa bondo lotupa sikulumikiza nsinga yoduka, ndipo lezala lingalowetse kafumbata kapena matenda oyenda m'magazi.

Madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, adakonza mu 1992 malamulo osavuta odziwira kakolo wofunika kujambulidwa. Limodzi mwa iwo aliyense angaligwiritse ntchito: ngati munthu sangathe kuponda n'kuyenda mapazi anayi, kapena akumva ululu mukadina pa fupa lenileni la kakolo, apite kuchipatala. Apitenso ngati mwendo wapindika mosakhala bwino, ngati bondo latupa tsiku lomwelo, ngati lakanirira osaongoka, kapena ngati likumgwetsa poyenda. Mfundo yotupa, yotentha, munthu ali ndi malungo, ndi ya tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kawiri.

Tikudziwa kuti kuchokera ku midzi ya Malowera kapena Chiputo kufika ku Fingoè si pafupi, ndipo kukafika ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete ndi ulendo wodya ndalama. N'chifukwa chake kupewa n'kofunika kwambiri kuno kuposa kwa anthu a m'tauni. Aphunzitsi a sukulu, akapitawo a matimu ndi akuluakulu a pabwalo angathe kuyamba Loweruka likudzali: akwirire maenje, apatule mphindi 20 mpira usanayambe, ndipo aime kutsogolo kwa ana n'kuona kumene mawondo awo akuloza potera. Mvula ikadzagwa, miyendo yomweyo idzafunika kumunda.